Ku Mars akukasakako chiyani? Yankho kwa mayi a ku Mufakose

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Mufakose. Akuti mnyamata wawo wa Fomu 3 sakamba china koma za ku Mars, ndiye akufunsa kuti: "Dziko lopanda mvula, lopanda ngakhale udzu, akatswiri akukasakako chiyani? Si kutaya ndalama kumeneku?"

Amayi, zikomo pondilembera. Ndisanapite kumwamba, ndiloleni ndiyambire pansi pa nthaka.

Ambiri a ife kuno tili ndi agogo amene anagwira ntchito m'migodi, ena ku Hwange, ena ku Joni kudzera ku Wenela. Agogo anga ankati pansipo thanthwe limawotcha dzanja, ndipo thukuta limachita kudzaza m'jombo. Tsono mu mgodi wa golide wa Mponeng ku South Africa, makilomita 2.8 pansi, akatswiri anatunga madzi otentha otuluka m'ming'alu ya thanthwe. Mu 2008 analengeza kuti m'madzimo muli bakiteriya amene amakhala yekhayekha, mumdima wa ndiweyani, popanda dzuwa kapena okosijeni. Amadya chiyani? Mphamvu yotuluka mu uranium wa m'miyalamo imaphwanya madzi n'kutulutsa haidirojeni, ndipo kachilomboka kamakhalira yemweyo pamodzi ndi mchere wa sulfate. Nditawerenga zimenezi koyamba ndinakhala duu, ndikuganiza za agogo akubowola mwala osadziwa kuti kuseri kwake kuli chamoyo.

Zofanana nazo zinaoneka mu 1977 pafupi ndi zilumba za Galápagos, pomwe sitima yapansi pa madzi ya Alvin inapeza nyongolotsi zikuluzikulu ndi nkhanu pa akasupe otentha a pansi pa nyanja.

Apa ndiye pagona nkhani: ngati zamoyo zimatha kukhala m'malo ovuta chonchi, mwina ku Mars nakonso zinakhalako. Pamwamba pa Mars m'pouma ndi pozizira koopsa, inde, koma kale kunali mitsinje ndi nyanja. N'chifukwa chake galimoto ya Perseverance inatera mu February 2021 m'chigwa cha Jezero, pomwe mtsinje unkathira m'nyanja, ndipo ikubowola miyala kusaka zizindikiro za tizilombo takalekale. Mpaka lero palibe chamoyo chimene chatsimikizika kunja kwa dziko lathu. Koma zizindikiro zotere Zimbabwe ili nazo: ku Mberengwa kuli miyala yosanjikizana timizeremizere imene tizilombo tinaumba zaka pafupifupi 2.7 biliyoni zapitazo.

Za ndalamazo, ine sindiona kuti zikutayika. Bakiteriya amene Thomas Brock anapeza m'akasupe otentha a Yellowstone m'zaka za m'ma 1960 ndi amene anatipatsa chipangizo chachikulu cha PCR, njira yomwe ija tinkayezetsera Covid.

Mnyamatayo musamuletse, amayi. Muuzeni alimbikire Biology ndi Chemistry. Chombo cha Europa Clipper chinanyamuka mu October 2024 kupita ku Europa, mwezi wa Jupiter womwe akatswiri akuti uli ndi nyanja pansi pa madzi oundana. Chidzafika mu 2030, iye ali pa msinkhu wa ku yunivesite.