Yankho kwa mlimi wa ku Indiana: .22 Magnum, .17 HMR kapena mfuti ya m'manja?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa kwathu amene wakhala zaka zambiri ku Indiana, m'dziko la America, ndipo posachedwapa anagula kamunda ka maekala ochepa kunja kwa tauni komwe akuweta nkhuku ndi kulima ndiwo zamasamba. Dandaulo lawo ndi lakuti ma raccoon (tinyama toyenda usiku ta mchira wa mizeremizere) akuwathera nkhuku usiku, ma groundhog (tinyama tonga mbira tokhala pansi) akukumba mauna m'dimba ndi kudya nyemba, ndipo kawiri konse aona coyote (nyama yonga nkhandwe) ikuzungulira khola mbandakucha. Anzawo a kuntchito anawalangiza kuti agule mfuti ya rimfire magnum, koma atafika kusitolo anapeza mfuti za zipolopolo za mitundu itatu, .22 WMR (yotchedwanso .22 Magnum), .17 HMR ndi .17 WSM, mfuti zazitali ndi za m'manja zomwe, ndipo wogulitsa anaziyamikira zonse. Akufunsa kuti asankhe iti, komanso ngati mfuti imodzi ya m'manja ingakwanitse ntchito ya kumunda ndi yoteteza nyumba.

Bambo, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndiyambe ndi yankho lenilenilo, zifukwa zibwere pambuyo: pa munda wa kukula kotero ndi nyama zimene mwatchulazo, ine ndingagule mfuti yaitali ya .22 WMR ya bolt action (imene umalonga chipolopolo chilichonse pokoka kachogwirira ndi dzanja), n'kuiikira galasi loonera patali labwino, ndipo za mfuti ya m'manja ndingayambe ndaziika pambali.

Mawu akuti rimfire akunena za malo amene moto umayambira. Chipolopolo chili ndi kachitini ka mkuwa kosunga wonga, ndipo kutsogolo kwake kuli mutu umene umauluka. M'zipolopolo zazikulu, mankhwala oyatsa wonga amakhala pakati pa tsinde la kachitiniko, pomwe mu rimfire amawazidwa m'kati mwa mkombero wake, ndiye kamsomali ka mfuti kakaphwanya mkomberowo moto umabuka. Kuti mkombero uphwanyike mkuwa uyenera kukhala wopyapyala, ndipo mkuwa wopyapyala sungapirire mphamvu yaikulu. N'chifukwa chake mawu akuti magnum asakunamizeni. Akungotanthauza kuti chipolopolocho chimaposa .22 LR, chija chimene kampani ya Stevens inatulutsa mu 1887, osati kuti ndi cha nyama zikuluzikulu. M'zigawo zambiri za America lamulo limaletsa kusaka agwape ndi mfuti ya rimfire, ndipo lamulolo n'loyenera, pakuti nyama yaikulu ikalasidwa ndi kachipolopolo kotere kawirikawiri imathawa ndi bala n'kukafera kutali mozunzika.

Chipolopolo cha .22 WMR chinatulutsidwa ndi Winchester mu 1959. Mutu wake wodziwika kwambiri umalemera ma grain 40, omwe ndi magalamu 2.6, ndipo umatuluka mu mfuti yaitali pa liwiro la mafiti pafupifupi 1,900 pa sekondi, pomwe .22 LR ya kulemera komweko imatuluka pa mafiti 1,200 kapena kupitirirako pang'ono. Kusiyana kwa liwiroku kumapangitsa kuti mphamvu yake ipose kawiri ya .22 LR, moti pa mtunda wa mayadi 100 imakhala idakali ndi mphamvu yofanana ndi imene .22 LR imakhala nayo pongotuluka mu mpope. Chimene ine ndimachikondera koposa ndi kuchuluka kwa mitundu ya mitu yake. Ilipo ya ma grain 30 yopepuka ndi yothamanga, ya 40 imene imatambasuka ikalowa m'thupi, ndi ya 45 kapena 50 imene imalowa mozama. Raccoon wamkulu ndi nyama yojintcha, ya mafuta ndi ubweya wambiri, yosiyana kutali ndi likongwe amene tinkathamangitsa ndi agalu kumudzi, ndipo imafuna mutu wolemera umene ungafike pa mtima ndi mapapo. Coyote ndiye malire enieni a chipolopolochi. Ndinganene kuti iwombedwe pokhapokha ili pafupi, mayadi 75 kapena kucheperapo, itaima mopingasa kuti muone bwino chifuwa chake. Ikakhala kutali kuposa pamenepo ndi bwino kuisiya ipite.

Cha .17 HMR chinabwera mu 2002 kuchokera ku kampani ya Hornady mogwirizana ndi Marlin ndi Ruger. Anatenga kachitini ka .22 WMR komweko n'kukafinya kukhosi kuti kagwire mutu waung'ono wa ma grain 17, umene umauluka pa mafiti 2,550 pa sekondi. Ubwino wake ndi wakuti umayenda mowongoka kwambiri. Mukaiyesa mfuti kuti izimenya pakati pa mayadi 100, pa mayadi 150 mutuwo umatsika mainchi osakwana atatu, pomwe wa .22 WMR umatsika pafupifupi kawiri kuposa apo. Anthu ambiri amanena kuti .17 HMR imatengeka ndi mphepo kuposa inzake chifukwa chopepuka, koma zimenezi si zoona. Popeza imafika msanga, mphepo imakhala ndi nthawi yochepa yoikankha, ndipo pa mayadi 100 imapatuka pang'ono poyerekeza ndi .22 WMR ya ma grain 40. Vuto lake lili kwina. Kamutu kameneka kanapangidwa kuti kaziphwanyika kakangogunda, zomwe ndi zabwino pa groundhog kapena kalulu, komanso zimachepetsa ngozi ya chipolopolo chonjanja pa nthaka youma, koma pa nyama yokulirapo kakhoza kusweka pa fupa la phewa n'kusiya bala lalikulu losazama. Mukanandiuza kuti mdani wanu ndi groundhog yekha ndiponso kuti munda wanu ndi wotambalala mayadi 150 mbali zonse, ndikanakuuzani kuti mutenge .17 HMR mosazengereza. Koma inu mwatchula khola la nkhuku ndi nyama zobwera usiku, ndipo kumeneko kuwombera kumachitika pa mayadi 20 mpaka 60, pamene kuwongoka kwa njira sikupindula kanthu koma kulemera kwa mutu.

Za .17 WSM ndinena mwachidule. Inatuluka mu 2013, kachitini kake kanatengedwa ku tizipolopolo tokhomera misomali m'makoma, ndipo mutu wa ma grain 20 umafika mafiti 3,000 pa sekondi, liwiro limene palibe rimfire ina ikulifikira pa msika. Komabe mfuti zake n'zochepa ndipo zipolopolo zake sizipezeka m'sitolo iliyonse. Mbiri ya 5mm Remington Rimfire Magnum imandichenjeza pa nkhani imeneyi. Chinali chipolopolo chabwino ndithu, chinafika pa msika cha m'ma 1970, koma patangotha zaka zochepa mfuti zake zinasiya kupangidwa, kenako zipolopolo nazonso zinasowa kumayambiriro a zaka za m'ma 1980, ndipo eni mfutizo anadikira mpaka 2008 pamene kampani ya Aguila ya ku Mexico inayambanso kuzipanga. Musanagule mfuti iliyonse, yendani m'masitolo awiri kapena atatu a kufupi ndi kwanu muone zimene zili pa shelefu.

Ndasankha bolt action chifukwa ndi yosavuta kuisamala, siisankha zipolopolo, ndipo imamukakamiza munthu kuganiza asanawombere kachiwiri. CZ 457 yopangidwa ku Uherský Brod m'dziko la Czech Republic ndi yokongola ndiponso yolunjika, Savage 93 ndi Ruger American Rimfire ndi zotsikirapo mtengo koma ntchito zimagwira mokwanira, ndipo amene amakonda mfuti ya lever action (yolonga ndi chogwirira cha kunsi kwake) angayang'ane za Henry. Mfuti zodzilonga zokha zakhala zikuvuta kupanga pa zipolopolo za magnum chifukwa kachitini kakatali kopyapyala kakhoza kuphulika ngati mfuti yatseguka mphamvu ya wonga isanatsike. Mu 2009 Remington inaitanitsa mfuti zake za Model 597 za .17 HMR kuti zibwezedwe, ndipo pamene Savage inatulutsa A17 mu 2015 inachita kuipangira njira yochedwetsa kutsegukako. Choncho mukapeza mfuti yakale yodzilonga yokha ya .17 HMR ikugulitsidwa motchipa, musaigule musanafufuze mbiri yake. Ndalama zimene mungapulumutse pa mfuti ziikeni pa galasi, chifukwa zambiri mwa nyama zanuzi zimatuluka chisisira ndi mbandakucha, nthawi imene galasi lotchipa limangoonetsa mdima. La 3-9x40, lokulitsa chithunzi katatu mpaka kasanu ndi kanayi, ndi lokwanira.

Tsopano za mfuti ya m'manja, pamene ndikuona kuti anthu ambiri amataya ndalama. Wonga wa .22 WMR anaukonzera mpope wa mfuti yaitali. Mu revolver (mfuti ya m'manja yokhala ndi silinda yozungulira yoikamo zipolopolo) ya mpope wa mainchi 6 liwiro limatsikira pa mafiti 1,400 kapena chapompo, ndipo mu kamfuti ka mainchi awiri limatsika mpaka kufanana kapena kuchepera pa la .22 LR yowombedwa mu mfuti yaitali. Wonga wotsalawo umapsera kunja, n'kusanduka lawi lothobwa m'maso usiku ndi phokoso loboola m'makutu. Mumalipira mtengo wa magnum, womwe ndi kawiri kapena katatu wa .22 LR, koma gawo lalikulu la mphamvuyo limathera mumlengalenga. Kuwonjezera apo, kumenya chinthu chachikulu ngati chikhatho pa mayadi 40 ndi mfuti ya m'manja kumafuna miyezi yambiri yoyeserera, pomwe ndi mfuti yaitali yotsamiritsa pa mtengo wa mpanda munthu amaphunzira m'masiku ochepa.

Ngati m'tsogolo mudzafunabe ya m'manja yoyenda nayo m'munda, yanzeru ndi revolver ya masilinda awiri, monga Ruger Single-Six imene inayamba kupangidwa mu 1953, kapena Heritage Rough Rider yotsika mtengo. Silinda imodzi ndi ya .22 LR yoyeserera motchipa, inayo ndi ya magnum. Apa pali chenjezo limene ndikupempha kuti mulisunge: musaike .22 LR m'chipinda cha .22 WMR, kaya mu revolver kaya mu mfuti yaitali. Imalowa ndithu, koma kachitini kake n'kakang'ono m'mimba mwake, ndiye kamang'ambika n'kumwaza mpweya wotentha ndi tizidutswa ta mkuwa kumaso. Palinso ma pistol onyamula zipolopolo zambiri, monga Kel-Tec PMR-30 imene imatenga 30 ndi Walther WMP imene imatenga 15, koma mfuti zoterezi zimasankha zipolopolo ndipo khola la nkhuku silifuna kuwombera kambirimbiri chotero.

Pa funso loteteza nyumba ndiyankha mosabisa. Makampani monga Speer ndi Hornady amapanga zipolopolo za .22 WMR zokonzera mipope yaifupi, ndipo kwa munthu wa manja ofooka amene sangapirire kukankha kwa mfuti yaikulu zili ndi malo ake. Koma rimfire imakana kuphulika kawirikawiri kuposa zipolopolo zoyatsira pakati, popeza mankhwala a mu mkombero nthawi zina safalikira mofanana, ndipo pofuna kuthana ndi zimenezi opanga ma revolver amaika sipuling'i yolimba imene imalemeretsa chala powombera. Sindingakulangizeni kugula mfuti imodzi ya ntchito ziwirizi. Nkhani yoteteza banja iyambe ndi zitseko, magetsi a panja, galu ndi maphunziro kwa mlangizi wovomerezeka, ndipo ngati m'nyumbamo muli ana kapena adzukulu, mfuti iliyonse izikhala yokhomeredwa m'bokosi lachitsulo, zipolopolo zili kwina.

Malamulo nawo ndi ofunika kwa ife obwera. Lamulo la dziko lonse la America limalola munthu wa green card (chilolezo chokhazikika m'dzikomo) kugula mfuti, koma limaletsa amene ali pa visa ya kanthawi, monga ya sukulu kapena yocheza, kupatula pa zifukwa zochepa ngati kukhala ndi laisensi yosakira nyama, ndipo limaletseratu amene alibe mapepala. Kwa wogulitsa wovomerezeka mudzalemba fomu 4473, dzina lanu lidzafufuzidwa mu NICS, njira ya apolisi a FBI yofufuzira mbiri ya ogula mfuti, ndipo zaka zofunika ndi 18 pa mfuti yaitali ndi 21 pa ya m'manja. Kugulira m'bale amene lamulo silimulola ndi mlandu waukulu, ngakhale atapempha modandaula chotani. Funsaninso ku Indiana Department of Natural Resources za nyama zimene mwini munda angaphe zikamawononga, ndi ku ofesi ya dera lanu ngati kuwombera n'kololedwa pamalopo. Kabawi yekha musamukhudze. Kwathu ndi mdani wa anapiye, koma ku America mbalame zolusa zonse zimatetezedwa ndi lamulo, ndipo njira yabwino ndi kuphimba khola ndi ukonde. Abale a ku England, Scotland ndi Wales adziwe kuti zambiri zimene ndanena za mfuti za m'manja siziwakhudza, pakuti zinaletsedwa mu 1997 pambuyo pa kuphedwa kwa ana 16 ndi mphunzitsi wawo ku Dunblane mu 1996, ndipo mfuti yaitali imafuna satifiketi yochokera ku polisi.

Munda wa maekala ochepa uli ndi anansi, ndipo mabokosi a .22 LR yomwe amachenjeza kuti chipolopolo chikhoza kuvulaza munthu pa mtunda woposa mailo imodzi. Choncho mfuti isanafike, yendani masana kuzungulira khola muone mbali imene kumbuyo kwake kuli chulu, mtunda kapena mulu wa dothi, ndi mbali zimene zaloza ku nyumba, msewu kapena dziwe, chifukwa chipolopolo chimanjanja pa madzi. Usiku musawombere maso owala musanaone thupi lonse, pakuti galu wa mnansi ndi coyote amafanana mumdima. Raccoon woyenda modzandira masana akhoza kukhala wodwala, mwina chiwewe, ndipo ngati waluma munthu kapena chiweto musamuwombere m'mutu, chifukwa a zaumoyo amayeza ubongo. Kumbukiraninso kuti raccoon amatsegula loko wosavuta ndi manja ake ndipo amang'amba waya wopyapyala, motero waya wolimba wa timabowo ta theka la inchi ndi chitseko chotsekedwa dzuwa likamalowa zidzapulumutsa nkhuku zambiri kuposa mfuti.

Mukagula mfutiyo, gulaninso zotseka m'makutu ndi magalasi oteteza maso, pamodzi ndi mabokosi atatu a zipolopolo za ma grain 40 ochokera ku makampani osiyana, monga CCI, Winchester ndi Federal. Mfuti za rimfire zimakonda mtundu wina kuposa unzake, ngakhale ziwiri zochokera m'fakitale imodzi. Pitani ku malo oyeserera kuwombera, mutsamiritse mfuti pa thumba la mchenga, muwombere zisanu zisanu pa mayadi 50, ndipo mtundu umene mabowo ake ayandikana kwambiri ndi umene mugule wambiri. Kenako bwerezani pa mayadi 25, 75 ndi 100, mulembe pa kapepala pamene chipolopolo chikumenya pa mtunda uliwonse, n'kukamata pa thako la mfuti.