Musanagule makina oyezera BP, yezani kaye mkono

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina. Mwachidule anati: "Bambo anga ali ndi zaka 64. Kuchipatala anawapeza ndi BP ya 158/96, ndiye adokotala anati tiziwayezanso kunyumba. Tinabwereka makina a mnzanga, aja omanga povalira wotchi, koma m'mphindi 10 zokha anatipatsa 149/90, kenako 163/97, kenako 141/88. Kodi ndi owonongeka? Nanga tikafuna kugula athu, tigule otani?"

Mayi, zikomo polemba. Mwina makinawo alibe vuto lililonse. BP siili ngati msinkhu woti lero ndi mawa mupeza chimodzimodzi. Imakwera munthu akamayankhula, akakhala ndi mkodzo, akangotsika kumene pamasitepe, ngakhalenso akaona nambala yoyamba ija n'kuchita mantha. Ndikukayika ngati bambo anakhala phee m'mphindi 10 zimenezo pamene banja lonse linawazungulira likuyang'anitsitsa kagalasi ka makinawo.

Gulani omanga kumtunda kwa mkono, pamwamba pa chigongono. Aja a padzanja amavuta chifukwa dzanja liyenera kukhala ndendende pamlingo wa mtima, ndipo likangotsika kapena kukwera pang'ono nambala imasokonekera. Amathandiza anthu amene mkono wawo ndi waukulu kwambiri moti palibe lamba wowakwana, kapena amene kumtunda kwa mkono kumawapweteka. Tomanga kuchala tija tisiyeni.

Chachiwiri, si makina onse ogulitsidwa amene anayesedwapo kuti aone ngati amanena zoona. Pa intaneti pali mindandanda ya makina amene anadutsa pamayeso otere, monga wa STRIDE BP. Makampani ngati Omron, Microlife ndi A&D ali ndi makina ambiri pamindandanda imeneyi, komabe musadalire dzina la kampani lokha. Onani nambala ya mtundu wa makinawo yomwe ili pabokosi ndipo muifufuze imeneyo. Zolumikiza ku foni sizofunika kwenikweni. Kwa munthu wachikulire, manambala akuluakulu ooneka bwino ndi batani limodzi ndi zokwanira.

Tsopano pamene ine ndinagwa napo. Makina anga oyamba ndinangowatulutsa m'bokosi n'kuyamba kuyeza. Lamba wake ankangokwana movutikira, nthawi zina ankamatuka yekha mpweya ukamalowa, ine n'kumamugwirizira ndi dzanja linalo. Kwa miyezi ingapo ndinkapeza manambala amene ankandisowetsa tulo. Tsiku lina namwino anayang'ana lambayo, n'kuyang'ana mkono wanga, n'kutenga tepi yoyezera ngati ya telala ija. Mkono wanga unali masentimita 36. Palambayo panalembedwa 22 mpaka 32, zilembo zimene ndinali ndisanaziwerengepo.

Lamba wamng'ono pamkono waukulu amakweza nambala, wamkulu pamkono wowonda amaitsitsa. Kusiyanako si kwamasewera. Akatswiri a ku Johns Hopkins ku America anafalitsa kafukufuku mu 2023 yemwe anaonetsa kuti anthu ofunika lamba wamkulu kwambiri akayezedwa ndi lamba wamba, nambala yapamwamba (yoyamba ija, monga 158 pa 158/96) inkakwera ndi pafupifupi 20. Pamenepo munthu wabwinobwino akhoza kuoneka wodwala. Choncho musanatulutse ndalama, tengani tepi muyeze mkono wa bambo pakatikati pa phewa ndi chigongono, mulembe nambalayo papepala, ndipo mugule makina amene lamba wake akuikwana. Ambiri amabwera ndi wa 22 mpaka 32, ena 22 mpaka 42.

Chifukwa chake chili m'mene makinawa amagwirira ntchito. Lamba amafufuma mpaka kutseka mtsempha waukulu wa pamkono, kenako mpweya umatuluka pang'onopang'ono magazi n'kuyambanso kudutsa. Lamba wofufumayu anabwera naye ndi dokotala wa ku Italy, Scipione Riva-Rocci, mu 1896, ndipo mu 1905 Nikolai Korotkoff wa ku Russia anaonetsa kuti munthu angamve kugunda kwa magaziwo ndi chomvetsera cha adokotala chija. Makina a mabatirewa samvetsera. Amamva kunjenjemera kwa mtsempha kudzera mulamba n'kuwerengetsera okha. N'chifukwa chake lamba wosakwana, kugwedezeka kwa mkono, kapena mtima wogunda modumphadumpha zimawasokoneza. Ngati makina akuonetsa kawirikawiri kachizindikiro koti mtima sukugunda mwadongosolo, akauzeni adokotala.

Kayezedwe kake kali motere. M'mawa bambo akadzuka, ayambe apita kukataya madzi. Asamwe kaye mankhwala awo a BP, ndipo pasakhale khofi, fodya kapena ntchito yolemetsa m'mphindi 30 zapitazo. Akhale pampando wokhala ndi chotsamira, mapazi onse pansi, miyendo osapingasa, mkono wopanda malaya uli patebulo kuti lamba akhale pamlingo wa mtima. Lambayo akhale zala ziwiri pamwamba pa popindikira chigongono. Akhale chete mphindi 5 asanadine batani, ndipo mphindi 5 zimenezi ndi zazitali kuposa mmene mukuganizira, yang'anani wotchi. Inu musawafunse kanthu makina akamagwira ntchito, foni ikalira ilire. Za mkono patebulozi musazipeputse: kafukufuku wina wa ku Johns Hopkins komweko, wa 2024, anapeza kuti mkono wongoikidwa pamwendo unkakweza nambala yapamwamba ndi pafupifupi 4, wolendewera m'mbali ndi kuposa 6.

Ayeze kawiri, kusiyanitsa ndi mphindi imodzi, n'kuteronso madzulo. Achite zimenezi masiku 7. Tsiku loyamba ayeze mikono yonse iwiri, ndipo umene ukupereka nambala yokwererapo ndi umene azigwiritsa ntchito nthawi zonse. Lembani nambala iliyonse m'kope pamodzi ndi tsiku ndi nthawi, yabwino ndi yoipa yomwe. Ndikudziwa anthu amene amayeza kasanu n'kulemba yotsika yokha, ngati kuti adokotala ndi aphunzitsi opereka malikisi. Sabata ikatha, manambala a tsiku loyamba asiyeni, otsalawo muphatikize n'kupeza yapakati pake. Imeneyo ndiyo BP ya bambo, osati itatu ija munanditumizira.

Nambala yapamwamba ndi mphamvu ya magazi pamene mtima ukufinya, yapansi ndi pamene ukupumira pakati pa kugunda. Kuchipatala malire amene ambiri amagwiritsa ntchito ndi 140/90, koma kunyumba ndi 135/85, poti munthu amakhala womasuka pakhomo pake. Ku America kuyambira 2017 amawerengera pa 130/80. Alipo anthu amene BP yawo imakwera akangolowa m'chipinda cha adokotala koma kunyumba ili bwinobwino, ndipo alipo ena amene kuchipatala imaoneka yabwino pamene kunyumba ndi yokwera. Adokotala a bambo akufuna kudziwa ngati 158/96 ija ndi ya masiku onse kapena ya tsiku lomwelo.

Kopelo lisawasandutse dokotala. Nambala ikatsika asasiye mankhwala, ikakwera asawonjezere okha. Koma ikafika 180/120 kapena kuposa, apume mphindi zingapo n'kuyezanso, ndipo ikakhala pomwepo aonane ndi achipatala tsiku lomwelo. Ngati pamodzi ndi nambala yotere akumva kupweteka pachifuwa, kubanika, dzanzi kapena kufooka mbali imodzi, kuona mwachimbuuzi kapena lilime kulemera, musayezenso kachiwiri, thamangani nawo kuchipatala. Kwa amayi oyembekezera amene akuwerenga, inu musadikire manambala akuluakuluwo: 140/90 ndi yokwanira kuti muonane ndi azamba kapena adokotala mwamsanga, komanso pogula fufuzani makina amene anayesedwa pa amayi oyembekezera.

Tsiku lobwerera kuchipatala, nyamulani kopelo pamodzi ndi makinawo. Pemphani anamwino ayeze bambo ndi makina awo kenako ndi anuwo, pamkono womwewo, muone ngati akugwirizana. Aja a mnzanu abwezeni ndithu, ndipo mumufunse ngati poyeza amakweza dzanja kufika pachifuwa.