Kukagona m'tenti pa chilumba cha Chisi: yankho kwa achimwene a ku Chinamwali

Achimwene ena a ku Chinamwali anditumizira imelo. Akuti ali ndi galimoto, tenti, anzawo awiri komanso mpata wa Loweruka ndi Lamlungu, ndipo akufuna kukagona pa chilumba chokongola. Funso lawo ndi lakuti apite ku Likoma kapena ku Chisi, nanga akonzekere bwanji.

Achimwene, za Likoma musiye kaye. N'kokongola ndithu, koma kuchokera kuno ku Zomba msewu wake ndi wautali, kenako mukadikire tsiku la sitima ya Ilala. Umenewo ndi ulendo wa sabata. Chisi ali pakhomo pompano, m'nyanja ya Chilwa, ndipo doko la Kachulu lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni. Zimandipweteka kuti ambirife tinakulira pansi pa phiri la Zomba koma sitinapondepo pa chilumbachi.

Dziwani msanga kuti galimoto ithera pa Kachulu. Mukaisiye m'manja mwa munthu wodalirika, mugwirizane ndalama ya ulonda musanakwere boti. Msewu wake mbali yaikulu ndi wafumbi, ndiye m'dzinja galimoto yaing'ono imavutika m'matope.

Chachikulu pa ulendowu ndi madzi a m'nyanjamo. Chilwa si nyanja ya Malawi. Ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulukira, imangolandira madzi a mitsinje ngati Likangala, Domasi ndi Phalombe, dzuwa n'kumawaumitsa. N'chifukwa chake madzi ake amamveka kamchere, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inauma mu 1968 ndi 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'aluka, mabwato ali gone pamtunda. Choncho musanyamuke musanafunse anthu a pa Kachulu kuti madzi afika pati, mabwato akuyenda bwanji. Ine ndingasankhe Meyi mpaka Ogasiti: mvula yatha, msewu wauma, madzi akadalipo ambiri. Kungoti miyezi imeneyi kumawomba mwera, ndipo nyanja yosaya imachita mafunde mwachangu. Wolokani m'mamawa kukadali bata. Boti likadzaza mopyola muyeso ndi anthu, njinga ndi matumba, dikirani lina kapena lipirani lanulanu. Funsani za majekete odzitetezera m'madzi. Ngati mungabwereke m'tauni, nyamulani.

Mukafika musangokhomera tenti pomwe pakusangalatsani. Pa Chisi pali midzi, minda, masukulu ndi manda. Malo aliwonse ali ndi mwini wake. Pitani kwa amfumu a m'mudzimo, mupereke moni mwaulemu, munene kumene mwachokera ndi chimene mwadzera, kenako mupemphe malo. Kangachepe ngati shuga kapena sopo sikalakwika. Iwo ndi amene angakulozereni malo ouma, otetezeka, pafupi ndi chimbudzi cha banja lina, mwinanso kukupatsani mnyamata wokuperekezani kukwera phiri. Kwerani ndithu, makamaka dzuwa likapendeka. Muli pamwambapo mudzaona milambe ili m'munsi, mabwato akubwerera kudoko, ndi phiri la Zomba lili uko kumadzulo, dzuwa likulowera kuseri kwake.

Pa katundu, ndilimbikira zitatu. Madzi akumwa nyamulani okwanira kuchokera kunyumba, pamodzi ndi mankhwala othira m'madzi, chifukwa dera la Chilwa lakhala likuvutika ndi kolera. Neti ya udzudzu musaiwale, ngakhale tenti yanu itakhala yotseka bwino; udzudzu wa m'madambo amenewa si wamasewera. Chachitatu, musasambe m'nyanjamo, muli likodzo. Zinazo mukuzidziwa: tochi, mbaula, bulangeti lolemera poti Juni ndi Julayi kumazizira, ndalama zosinthasintha, ndi thumba lobwezeramo zinyalala zanu.

Ndiwo musatenge ku Zomba. Mukagule kwa asodzi komweko matemba, makumba kapena mlamba, ndalamayo itsale pachilumbapo. Ngati woyendetsa boti avomera, akudutsitseni pafupi ndi zimbowera, tinyumba toyandama tomwe asodzi amamanga pa udzu wa m'nyanja n'kumakhalamo nthawi yaitali. Pemphani kaye musanajambule munthu. Mbalame nazo zilipo zambiri, mitundu yoposa 150, ndipo ndi zina mwa zimene zinachititsa kuti Chilwa ikhale dambo loyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika kwambiri pa dziko lonse.

Mukapeza mpata Lachisanu masana, yambani ndi kuphiri la Zomba. Mukaime pa Emperor's View, malo oonera patali pamene anaima Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965, muione nyanjayo kunja kukakhala kowala, mugone m'tenti chapafupi ndi damu la Mulunguzi kuti muyese ngati zipangizo zanu zonse zili bwino. Loweruka mutsike mbandakucha, muthire mafuta m'tauni, mufike pa Kachulu mphepo isanadzuke. Lamlungu nyamukani pa Chisi m'mawa, musadikire boti lomaliza.