Kolala itsate pressure plate, osati giyabokosi

Achimwene, mwanena kuti mwaika giyabokosi ya magiya 5 ya 280Z mu Datsun 240Z yanu, ndipo tsopano giya ikukana kulowa injini ikamalira, ngakhale mupondereze kilatchi mpaka pansi. Musafulumire kuiimba mlandu giyabokosiyo. Ine ndikukayikira kolala, kachitsulo kaja kamene release bearing (bearing yokankha kilatchi kuti imasuke) imakhalapo.

Pa magalimoto amenewa makolala ndi osiyana kutalika, ndipo kolala imayendera pressure plate (mbale imene imapanikiza kilatchi), osati giyabokosi. Ambiri amangosiya kolala imene yabwera ndi giyabokosi kwinaku akugwiritsa ntchito pressure plate ina. Kolala ikakhala yaifupi, foloko (chitsulo chimene chimakankha kolalayo) imatha ulendo wake isanakankhe mokwanira, kilatchi osamasuka. Ikatalika, bearing imangotsamira pa zala za pressure plate, kilatchi nkumaterereka pokwera phiri.

Ndikudziwa kuti kutsitsanso giyabokosi nkowawa, koma itsitseni ndithu. Pressure plate ili yomangidwa pa flywheel (chigudumu chachitsulo cha kumbuyo kwa injini), khazikani bearing ndi kolala pa zala zija, muyeze kuchokera pankhope ya flywheel kufika pa timakutu ta kolala pamene foloko imagwira. Mupeze mamilimita pafupifupi 92.

Onaninso kukula kwa kilatchi: ya 240Z ndi mamilimita 225, pamene ya 280Z 2+2 (ya mipando inayi) ndi 240 ndipo imafuna flywheel yakeyake. Mano a shafti ya giyabokosi asakudetseni nkhawa, pa magiyabokosi onse awiri ndi 24.

Komabe musanamasule bawuti iliyonse, yambani mwachotsa mpweya mu slave cylinder (kapampu kamene kamakankha foloko), muone ngati foloko ikusuntha bwino wina akaponda. Zimenezo ndi za mphindi 10 basi.