Kwa achemwali amene afunsa za jakisoni womeretsanso chicherewecherewe m'bondo

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mayi anu, a zaka 64, mawondo awavuta, makamaka podzuka pampando ndi potsika masitepe, ndipo adokotala atawajambula anati ndi nyamakazi ya m'mafupa, chicherewecherewe cha m'bondo chaperepeseka. Ndiye mwaona kanema pa Facebook wonena za jakisoni wa stem cells (maselo amene amatha kusanduka maselo a mitundu ina) amene akuti amachimeretsanso, ndipo mukufunsa ngati pachibale musonkherane ndalama kuti akabayitse. Ine ntchito yanga ndi ya mafizo, mawondo otere ndimawagwira tsiku ndi tsiku, choncho mundilole nditalikitseko.

Musasonkhe kaye. Pa majakisoni onse amene akugulitsidwa panopa, palibe amene kafukufuku wodalirika waonetsa kuti amabwezeretsa chicherewecherewe chimene nyamakazi yadya.

Vuto lagona pa mmene chinthucho chinapangidwira. Ndi kachikuto koyera, koterera, kamene kamaphimba nsonga za mafupa, ndipo m'bondo kuchindikala kwake ndi mamilimita 2 mpaka 4 basi. Mulibe mitsempha ya magazi. Mukadzicheka chala, magazi amathamangirapo ndi zonse zomangira, bala n'kupola. M'chicherewecherewe mulibe njira yoti zomangirazo zidutse. Maselo ake ndi ochepa, iliyonse inatsekeredwa pamalo pake, ndipo chakudya amachipeza m'madzi a mu mfundo amene amalowa ndi kutuluka munthu akamayenda, ngati siponji mukaifinya n'kuisiya. Kale mu 1743, dokotala wina ku London, William Hunter, analemba kuti chikawonongeka sichibwereranso, ndipo kuyambira nthawi imeneyo akatswiri akhala akulimbana n'kuti amutsutse.

Zina zatheka ndithu, ndipo apa m'pamene anthu amasokonezeka. M'ma 1980 dokotala wa ku America, Richard Steadman, anatchukitsa njira yoboola timabowo pafupa pamene pakumbika, kuti magazi ndi mafuta a m'fupa atulukire n'kuundana pamenepo. Pamamera chinthu, koma chimakhala ngati chipsera, sichilimba ngati choyambacho, ndipo kwa ambiri chimayamba kufooka pakapita zaka zochepa. Ku Gothenburg m'dziko la Sweden, Lars Peterson ndi Mats Brittberg anayamba kutapa maselo a chicherewecherewe cha wodwalayo, kuwachulukitsa mu labotale, kenako n'kukawabzala pamene pawonongeka, ndipo zotsatira zake anazifalitsa mu 1994. Njira imeneyi inakonzedwanso, ikutchedwa MACI, ndipo boma la America linaivomereza mu 2016. Imafuna maopaleshoni awiri ndi miyezi yambiri ya mafizo. Palinso njira yozula tizidutswa ta fupa ndi chikuto chake pamalo osalemedwa kwambiri n'kukatsekera pa dzenjelo.

Koma taonani amene njira zimenezi zinapangidwira: munthu wachinyamata, mwina wampira, amene wavulala ndipo pabondo pake pakumbika malo amodzi, kwina konse kuli bwinobwino. Ndi chigamba. Chigamba chimagwira ngati nsalu yozungulira pong'ambikapo ili yolimba. Nsalu ikatheratu ponseponse, musokerera pati? Nyamakazi ya mayi anu ndi matenda a mfundo yonse. Fupa la pansi limalimba n'kusintha maonekedwe, m'mphepete mumamera timinga ta fupa, kachikopa ka m'kati mwa mfundo kamatupa, minofu ya ntchafu imafooka, ndipo nthawi zina mwendo umapindika moti thupi lonse limalemera mbali imodzi. Maselo atsopano mukawaika m'malo otere, zimene zinawononga akalewo zikadali pomwepo.

Tibwere ku majakisoni. Woyamba ndi PRP: amatenga magazi anu omwe, kuwazunguza m'makina, n'kubaya m'bondo gawo lokhala ndi tizinthu tothandiza magazi kuundana. Ku Australia anayesa anthu 288, ena anabayidwa PRP katatu, ena madzi amchere, popanda wodwala kudziwa chimene walandira. Zotsatira zinatuluka mu 2021. Patatha miyezi 12 ululu unachepa m'magulu onse awiri mosasiyana kwenikweni, ndipo pa zithunzi za MRI, zoonetsa m'kati mwa bondo, chicherewecherewe cha a PRP sichinaposa cha anzawo.

Wachiwiri ndi wa stem cells amene mwafunsayu. Mu 2023 ku America kunatuluka kafukufuku wa anthu 480. Ena anabayidwa maselo ochokera m'mafuta a m'fupa lawo, ena ochokera m'mafuta a m'thupi, ena ochokera ku mchombo wa makanda, ndipo gulu lomaliza linalandira jakisoni wamba wa steroid, wochepetsa kutupa. Chaka chitatha, palibe gulu la maselo limene linaposa la steroid, ndipo zithunzi za MRI sizinaonetse kusintha kooneka. Bungwe la madokotala a nyamakazi ku America, American College of Rheumatology, m'malangizo ake a 2019 linaletsa mwamphamvu PRP ndi stem cells pa nyamakazi ya bondo ndi ya m'chiuno. Chimodzi mwa zifukwa zake n'choti aliyense amasakaniza mwa njira yake, moti simungadziwe chimene chili mu sirinjiyo. Zimenezi si nkhambakamwa. Ku South Korea mankhwala a maselo otchedwa Invossa anavomerezedwa mu 2017, koma mu 2019 chilolezo chinalandidwa zitadziwika kuti maselo ena m'menemo sanali a chicherewecherewe monga zinalembedwera, anali ochokera ku maselo a impso. Ngati zinachitika kumene boma linkayang'anira, kuli bwanji kumene palibe wofunsa?

Mwina munena kuti, nanga anthu a mu kanemamo amene akuti anachira, akunama? Ine sindikuganiza kuti akunama. Ululu wa nyamakazi umakwera n'kutsika, ndipo munthu amapita kukabayitsa pamene wafika pachimake, nthawi imene ukanayamba kutsika ngakhale popanda kanthu. Komanso mwaona kuti madzi amchere okha anachepetsa ululu wa anthu aja a ku Australia. Kupeza bwino kwawo n'koona, koma si umboni woti m'bondomo mwamera kanthu.

Pali mfundo ina imene ineyo inanditsegula maso. Chicherewecherewe chilibe mitsempha yomva ululu. Chimene chimapweteka ndi fupa, kachikopa kotupa kaja ndi minofu yozungulira. Mankhwala oyesera otchedwa sprifermin anaperekedwa pa kafukufuku wa anthu 549, ndipo zotsatira za mu 2019 zinaonetsa kuti chicherewecherewe chinachindikaladi, ndi mamilimita pafupifupi 0.05 m'zaka ziwiri. Koma ululu sunasiyane ndi wa amene sanalandire mankhwalawo. Ndiye kumeretsa ndi kuletsa ululu ndi ntchito ziwiri zosiyana. N'chifukwa chake ndimakumana ndi agogo amene X-ray yawo ndi yoopsa koma amayenda bwinobwino, pamene wina chithunzi chake chili bwinoko koma usiku sagona. Mawu akuti "chatha" asawaopseze mayi mpaka kuleka kuyenda, chifukwa kukhala pansi n'kumene kumaumitsa bondo ndi kufooketsa ntchafu.

Zimene zimathandiza sizikopa maso, mwina n'chifukwa chake sazipangira makanema. Choyamba ndi kulimbitsa minofu ya ntchafu ndi ya m'chiuno, kawiri kapena katatu pa mlungu, kwa milungu 6 mpaka 12 musanaweruze. Kudzuka pampando n'kukhalanso pang'onopang'ono osagwirira, kuwongola mwendo atakhala n'kuugwira m'mwamba masekondi angapo, kuyenda mtunda umene akuutha n'kumawonjezera. Kumva kuwawa pang'ono pochita si vuto, bola pofika mawa lake kukhale kutabwerera mwakale. Ngati ali onenepa, kilogalamu imodzi iliyonse imene ataya imachotsa pafupifupi makilogalamu 4 pa katundu amene bondo limasenza pa sitepe iliyonse. Ndodo aigwire ku dzanja la mbali imene sikupweteka, ambiri amaigwira mbali yolakwika. Mankhwala opaka a diclofenac ndi abwino kuyamba nawo kusiyana ndi akumwa, amene amatha kuvuta anthu a zilonda za m'mimba, a impso ndi a BP. Jakisoni wa steroid amathandiza kwa milungu ingapo bondo likatupa, koma asamabayitse pafupipafupi: pa kafukufuku wa mu 2017, amene ankabayidwa miyezi itatu iliyonse kwa zaka ziwiri anataya chicherewecherewe chochuluka kuposa amene ankabayidwa madzi amchere.

Zonsezi zikalephera, ululu n'kumawalepheretsa kugona ndi kudzisamalira, opaleshoni yoika bondo lochita kupanga ndiyo ili ndi umboni wolimba. Kafukufuku wa mu 2019 anapeza kuti pa mawondo 100 oikidwa, pafupifupi 82 amakhala akugwirabe ntchito patatha zaka 25. Ngati pachibale musonkhe, ine ndikanakonda ndalamazo zisungidwire mafizo ndi zimenezi.

Mukafunabe kukaonana ndi a jakisoniwo, afunseni kuti maselowo achokera kuti, bungwe liti la boma lawavomereza pa nyamakazi ya bondo, ndiponso ngati pali kafukufuku wowayerekeza ndi madzi amchere. Akakuonetsani makanema a anthu oyamikira m'malo moyankha, nyamukani.

Chinthu chimodzi chokha chachangu: bondo likatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, thupi lonse n'kutenthanso, makamaka pambuyo pa jakisoni aliyense, apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mwina mu mfundo mwalowa tizilombo. Mundiuzeko ngati bondo la mayi limakanirira osafuna kuwongoka kapena limagwa akaponda, komanso amatha kuyenda mphindi zingati asanapume, ndikuuzeni mafizo oti ayambe nawo.