Kodi nyimbo zamagetsi za ku Japan anaziyambitsa ndi Tomita?

Achimwene ena andilembera kalata kuchokera ku Johannesburg. Akuti anagula mbale ya galamafoni ya Isao Tomita m'sitolo ya mbale zakale, ndiye akufunsa ngati Tomitayo ndiye anayambitsa nyimbo zamagetsi ku Japan, komanso ngati nyimbo zoyambirira zenizenizo zimapezeka pa mbale.

Zikomo achimwene. Mbaleyo isungeni bwino, koma Tomita anapeza anzake atalima kale mundawo. Chimbale chake chotchuka cha mu 1974, momwe anaimba nyimbo za Debussy, wopeka nyimbo wa ku France, pa makina opanga mawu ndi magetsi otchedwa Moog, chinatuluka patadutsa zaka zoposa 20 ntchitoyi itayambika.

Chiyambi chake ndi tepi. Mu 1950 kampani ya Tokyo Tsushin Kogyo, yomwe lero ndi Sony, inatulutsa makina ojambulira mawu pa tepi, ndipo achinyamata a gulu la opeka nyimbo ndi aluso ena la Jikken Kobo, lomwe linayamba mu 1951, sanachedwe kuwayesa. Mu 1953 Toshiro Mayuzumi, atabwerako ku Paris, anapeka nyimbo yotchedwa X, Y, Z polumikiza maphokoso ojambulidwa. Kenako mu 1955 wailesi ya NHK inatsegula situdiyo ya nyimbo zamagetsi ku Tokyo, potengera ya ku Cologne ku Germany. Mbiri yake inamveka kutali, moti Stockhausen, wopeka nyimbo zamagetsi wotchuka wa ku Germany, anapita kukagwirirako ntchito mu 1966.

Ine chimandigwira mtima ndi mmene ankagwirira ntchitoyo. Kunalibe kompyuta yowathandiza. Munthu ankatenga lumo ndi rula, n'kuyeza tepi, kudula, kumata. Tepi ikamayenda masentimita 38 pa sekondi, kachidutswa ka masentimita 4 ndi kaliwu kongoti thi! basi katha. Tangoganizani tizidutswa tingati tofunika kuti nyimbo ikwane mphindi imodzi. Toru Takemitsu mu 1960 anapanga Water Music ndi mawu a madontho a madzi, kuwachedwetsa, kuwafulumizitsa, mpaka dontho likumveka ngati ng'oma. Kwa ine ndi pamenepa pomwe mungayambire, musanafike kwa opeka anzake Joji Yuasa ndi Toshi Ichiyanagi.

Tsopano za mbale. Zambiri mwa nyimbozi anazipangira wailesi, mafilimu ndi zisudzo, ndipo kwawo kwenikweni ndi pa tepi. Zomwe zinafika pa mbale zinatuluka zochepa, n'chifukwa chake lero mtengo wake ndi woboola m'thumba. Ogulitsa amakwezanso mtengo mbale ikakhala ndi obi, kalamba kapepala kozungulira chikuto komwe pamalembedwa mutu ndi mtengo m'Chijapani. Kalambako n'kokongola ndithu, koma sikaimba.

Chofunika kuyang'anitsitsa ndi mbale yeniyeniyo. Ipendekeni pa kuwala, muone ngati ili ndi zokandika, ndipo mupemphe kuti akuikireni mumve. Nyimbozi zili ndi malo ambiri achete, ndiye kukandika komwe simungakumve pa nyimbo yovina, pano singano ikangofikapo kumamveka thethethe, n'kuphimba zonse zomwe wopeka anavutikira. Samalaninso ndi mbale zojambulidwa zithunzi pamwamba, monga za Ichiyanagi za mu 1969. Anthu amazilimbirana, koma mbale za mtundu umenewu nthawi zambiri zimakhala ndi phokoso.

Musanatulutse ndalama zambiri, funani kaye zomwe kampani ya Omega Point ya ku Tokyo inatulutsanso pa CD. Mukamva zomwe zakukomerani, pamenepo ndiye muyambe kusaka mbale yake.