X-ray yoyera sindiye kuti mwendo uli bwino

Achemwali, mwanena m'gulu muno kuti galu wanu akutsimphina koma X-ray sinaonetse vuto lililonse. Chonde musakhale pansi poti X-ray yatuluka yoyera pamene galu akunyamulabe mwendo wakumbuyowo. Inenso vetenale anandiuza zomwezo, ndipo galu wanga anatsala pang'ono kufa.

Wanga ndi wa mtundu wa Labrador, wamkazi, wonenepa ndithu. Zinayamba pang'onopang'ono. Akadzuka m'mawa ankangogunditsa zala pansi, akayendayenda n'kuoneka ngati wachira. Pokhala pansi mwendowo sankaupinda, ankauponyera kumbali. Vetenale woyamba bondo sanaligwire n'komwe. Anajambula chithunzi chimodzi chokha, cha m'chiuno, galu ali maso, akuphiriphitha, anthu atamupanikiza patebulo. Kenako akuti palibe chothyoka, wangobinya, ndizimuthamangitsa kuti mwendo umasuke. Anandipatsa meloxicam, mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa. Pamenepo n'kuti galu akumwa prednisolone wa zoyabwa pakhungu, amene anamulembera ndi iye yemweyo! Zinali m'fayilo yake, patsogolo pake penipeni. Mankhwala awiriwa saphatikizidwa chifukwa amayambitsa zilonda m'mimba, ndipo aliyense amene anaphunzira ntchitoyi amadziwa zimenezi.

Ndinamuthamangitsadi monga anandiuzira. Tsiku lina madzulo akutembenuka kuti agwire mpira anakuwa kukuwa kumene sindinakumvepo, mwendo n'kungoti lende. Usiku womwewo anayamba kusanza magazi. Chimbudzi chakuda ngati phula, fungo lake losaneneka. Nditakweza mlomo, nkhama zili mbuu. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'choti galu ameneyu saipitsa m'nyumba, ndiye ankalimbana kuti adzuke atuluke panja. Akadzuka ndi miyendo itatu n'kuterereka, n'kugwera mbali yopwetekayo, n'kukuwanso, n'kuyesanso. Ankadzikhwekhwereza kulowera kuchitseko uku akundiyang'ana. Ndinakhala naye pansi pomwepo nditamufunditsa, thupi lonse likunjenjemera, ine ndikuimba foni ya vetenale uja, ikungoitana. M'mawa atayankha, akuti mwina wadya poizoni. Poizoni! Ngakhale pepani sanatuluke pakamwa pake. Munthu wotere amaona ngati chiweto sichimva ululu poti sichilankhula.

Dokotala wachiwiri anayamba ndi m'mimba, madiripu ndi mankhwala oteteza zilonda. Galu atapezako mphamvu anamubaya mankhwala ogonetsa, n'kugwira fupa la ntchafu ndi dzanja limodzi, la msongolo ndi linalo, n'kukankha. Msongolo unasunthira kutsogolo ine ndikuona ndi maso angawa. Amati drawer test. Mtsempha wa mkati mwa bondo, cranial cruciate ligament, unali utaduka. Galu wamkulu akakhala maso amalimbitsa minofu chifukwa cha mantha ndi ululu, ndiye kusunthako kumabisika.

Anajambula mabondo onse awiri, lililonse cham'mbali ndi chakutsogolo. Apa ndi pamene ndinamva zimene ndikufuna mumve: X-ray imaonetsa bwino mafupa, koma mtsempha umenewu suoneka. Dokotala wodziwa amayang'ana zizindikiro zake, monga madzi odzadza m'bondo ndi timafupa tophuka m'mphepete mwa mfundo. Kwa wanga timafupato tinalipo kale, kutanthauza kuti mtsempha unayamba kuthetheka kalekale, nthawi yomwe ija ankati wangobinya. Kuthamanga kuja ndiko kunamalizitsa, n'kung'ambanso meniscus, kachichereŵechereŵe kamene kamakhala pakati pa mafupawo. Anachitidwa opaleshoni ya TPLO, yodula mutu wa fupa la msongolo, kuutembenuza pang'ono n'kumanga ndi chitsulo ndi masikuluwu. Fupa lotero limatenga masabata 8 mpaka 12 kuti ligwirane. Akuyenda tsopano, koma nyamakazi m'bondomo ndiye yakhazikika, ndipo pafupifupi theka la agalu otere amadzadukanso mtsempha wa bondo linalo.

Ndiye bwererani mukajambulitsenso. Inde ndanena kuti mtsempha suoneka, koma X-ray yojambulidwa bwino ndi imene imachotsa mantha a zinthu zoopsa kuposa pamenepa. Galu wamkulu thupi, wachikulire, wotupa pafupi ndi bondo, paphewa kapena chakumunsi kwa mwendo wakutsogolo, akhoza kukhala ndi khansa ya m'mafupa, osteosarcoma, ndipo imeneyo imaoneka, n'kufunikanso kujambula pachifuwa poona ngati yafika m'mapapo. Mng'alu waung'ono wa fupa nthawi zina suoneka tsiku loyamba, umadzaonekera pakatha masiku 7 mpaka 10. Muumirire kuti dokotala amugwiregwire kaye galu wanuyo mwendo wonse kuyambira kuzala mpaka m'chiuno kuti adziwe pojambula, zithunzi zikhale ziwiri za mbali zosiyana, ndipo musakane mankhwala ogonetsa ngati dokotala waona kuti thupi lake lingapirire. CT ndi MRI, masikani oonetsa zam'kati mwatsatanetsatane kuposa X-ray, zimabwera pambuyo, makamaka akakayikira chigongono kapena msana.

Inu a amphaka muli m'gulu muno mumveko: mphaka akangofa miyendo yakumbuyo mwadzidzidzi, akulira kwambiri, mapazi ali ozizira komanso otuwa, musataye nthawi kufunafuna fupa lothyoka. Kawirikawiri amakhala magazi oundana ochokera mumtima atatseka mtsempha wa magazi wopita kumiyendo. Thamangani naye nthawi yomweyo, akamuone mtima pa sikani. Ndipo paracetamol amapha mphaka, ibuprofen amawononga m'mimba ndi impso za galu ndi mphaka yemwe. Musawapatse ngakhale kachidutswa.

Komanso achemwali, mukapeza dokotala wopima galu bwinobwino ngati wachiwiri uja, musamangosinthasintha madokotala. Khalani ndi mmodzi amene akudziwa mbiri ya galu wanu, mumukhulupirire, muzitsatira zimene wakuuzani osamangomvera za pa Facebook. Kungoti podikira tsiku lobwererako galuyo asathamange, asadumphe, atuluke pachingwe pokakodza basi. Mumujambule vidiyo akuyenda komanso akukhala pansi, chifukwa akafika kuchipatala mantha amamubisitsa kutsimphinako. Mutenge mapaketi a mankhwala onse amene akumwa, a pakhungu omwe, mukawaike patebulo dokotala awaone asanalembe china chilichonse. Zithunzi zoyamba zija mukapemphe akupatseni kope lake, muone ngati bondo lilipo n'komwe.